Mbale Ziwiri, Nyimbo Imodzi

Lachinayi lililonse, ikangokwana folo koloko,
a Bohumír amakwera masitepe makumi asanu ndi awiri
atapanira mbale ya galamafoni m'khwapa,
chipale chofewa chikusungunuka pachipewa.
Mayi Zdislava amakhala atatereka kale khofi.

Zaka khumi ndi zinayi akukangana nkhani imodzi:
nyimbo yomweyo ya chelo ndi piyano,
oimba awiri, mbale ziwiri.

Ya a Bohumír inajambulidwa kalekale ku Praha.
Imayenda ngati tiramu imene iwo ankayendetsa
m'misewu ya Brno kusanache,
yosachedwa, yosapupuluma,
yoima poyenera kuima.
"Tamverani," amatero, chala chili m'mwamba,
"munthu uyu akudziwa kumene akupita."

Ya mayi Zdislava ndi ya mtsikana wa ku Ostrava
amene anaimbira m'tchalitchi chozizira,
maikolofoni ili pafupi kwambiri.
Umamumva akukoka mpweya asanatsitse uta pazingwe.
Gawo lachiwiri amalikoka ngati ulusi
wokana kuduka,
mphindi imodzi ndi theka kuposa mnzakeyo.
"Akuzengereza," amatero a Bohumír.
"Akuganiza," amayankha mayiwo,
amene anasoka madiresi zaka makumi anayi
ndipo amadziwa kuti msoko wothamanga suchedwa kumasuka.

Lachinayi lapitali mayi Zdislava anasokoneza.
Magalasi anawaiwala kukhitchini,
natsitsa singano pa mbale yawo yomwe
pamene inali nthawi ya mbale ya mlendo.
Mtsikana wa ku Ostrava anakoka mpweya wake uja.
Mayiwo anadzuka kuti akonze cholakwa,
koma a Bohumír anali atatsinzina kale,
mutu ukugwedera,
phazi likuponda liwiro la ku Praha,
likufika pothera chelo isanafike ndi pakati pomwe.
"Mwamvatu?" anatero. "Osati zozengereza zanu zija."

Panja tiramu inaliza belu pokhota.
Sanacheuke.
Munthu amene ankazindikira ngolo iliyonse
ndi kulira kwa mawilo ake
sanacheuke.

Zinayamba liti? Chilimwe chathachi? Chaka chija
anayamba kuseka mochedwa,
kuyang'ana milomo m'malo mwa maso?
Nyimbo yonse anaisamutsira m'mutu
ngati wotuta katundu nyumba isanagwe,
ndipo mlungu ndi mlungu amakwerabe masitepe aja
kudzaikira kumbuyo zimene makutu
anasiya kale kuwabweretsera.

Mayi Zdislava sananene kanthu.
Anathira khofi wina. Anadula keke ya maapozi.
Kenako anakokera mpando wa mlendo pafupi ndi sipika,
nagwira dzanja lija lokhakhala,
naliika pathabwa.
Anabwezera singano poyambira.

Chelo inalowera pansi penipeni,
thabwa linanjenjemera ngati njanji
sitima ikadali kutali.
A Bohumír anakwinya nkhope.
Phazi linaleka kuponda.
Anadikira liwu lotsatira; linachedwa.
Anadikirabe.
Linabwera.

Mphindi khumi ndi imodzi dzanja lili pomwepo.
Singano itafika kumapeto n'kuyamba kukanda,
khwe, khwe, khwe,
panalibe wodzuka kukaichotsa.

"Ndi mtsikana wanu uja," anatero patapita nthawi.
"Ee, ndi iyeyo."
"Akuzengerezabe."
"Akuzengerezadi."

Anapukuta maso ndi mpango, nati ndi chimfine.
Kunja kunayamba kuda,
nyali za mumsewu zikuyaka imodziimodzi,
khofi atazizira m'makapu onse awiri.
"Ikaninso," anatero, osachotsa dzanja.
"Pali penapake pakatipo
pamene ndikufuna kumutsutsa bwinobwino."